Mkazi wa Pangolo M'chigafa cha Alamu

Chaka chimene ndinathyoka mkono ndinakakhala kwa achemwali anga ku Mongue nyengo yonse yosankha fodya. Ndinagwa pa njinga ya kabaza ndikuchokera kumsika ku Milange, kumene ndinkagulitsa kaunjika. Kuchipatala anandimanga chikhakha, ndipo popeza ndinkakhala ndekha, achemwali anatumiza uthenga kuti ndipite kwawo mpaka fupa litagwirana.

M'chikwama ndinaponyamo buku limodzi limene ndinalipeza m'thumba la jekete potsegula belo la zovala. Linali lachingerezi. Pachikuto panali mwamuna wachipewa chachikulu atagwira mkazi m'chiuno, kumbuyo kwawo kavalo ndi mapiri ofiira opanda mtengo. Chingerezi ndinachiphunzira ku Malawi, pasukulu ya kukampu ya othawa nkhondo, tisanabwerere kuno mtendere utabwera. Achemwali sanalowe m'kalasi, chifukwa iwo ndiwo ankaima pamzere wolandira ufa ndi kulera ife ang'onoang'ono. Amuna awo, alamu anga, amatha Chipwitikizi chowerengera mapepala a kampani yogula fodya, basi.

Fodya amasankhidwa m'mawa kukadali chinyezi, chifukwa dzuwa likakwera masamba amauma n'kumafumbutuka m'manja. Kukakhala chiperoni ntchito inkafika mpaka masana. M'chigafa munkakhala anthu atatu: alamu, achemwali, ndi mayi wina wamasiye wa nyumba ya kumtunda, amene ankabwera kudzagwira ganyu. Tinkangowatchula kuti amayi a kumtunda. Ine ndi mkono umodzi sindikanatha kumanga timitolo, choncho ndinkakhala pampando pakhomo la chigafa n'kumawerenga buku langa.

Tsiku lina alamu anati, "Mlamu, mukusekerera nokha ngati mwatola kanthu. Tigawireniko."

Ndinabwerera poyambirira. Ndinkawerenga ndime mumtima, kenako n'kuinena m'Chinyanja, ndipo mawu akandisowa ndinkabwereka ku Chipwitikizi kapena ku Chilomwe, chimene amayi a kumtunda ankachimva bwino kuposa zinazo.

Nkhaniyo inali ya kalekale ku Amerika, kusanabwere magalimoto. Mtsikana wina wopanda makolo, mphunzitsi wa m'tauni, anavomera kukwatiwa ndi mwamuna amene sanamuonepo, woweta ng'ombe kudera lakutali kumadzulo. Anayenda miyezi pangolo. Atafika anapeza kuti mwamunayo anamwalira, kavalo atamugwetsa, ndipo amene anadzamuchingamira ndi mng'ono wake wa malemuyo, munthu wosayankhulayankhula, wa chipsera patsaya. Mtsikanayo analibe kobwerera. Anakhala pakhomopo monga wophika, ndipo awiriwo ankadana poyera uku akufunana mumtima.

Alamu za chikondizo sizinawakhudze. Iwo ankafunsa za ng'ombe. Nditanena kuti munthu mmodzi anali ndi ng'ombe zodzaza chigwa chonse, anaika tsamba pansi.

"Zimamwa kuti?"

"Pali mtsinje, alamu."

"Nanga chilimwe?"

"Sanalembe."

"Ndiye sanawetepo ameneyo," anatero, n'kutolanso tsamba lawo.

Chinanso chimene chinkawavuta ndi munda. Mwamuna wachipsera uja anali ndi malo oti kavalo sangawazungulire tsiku limodzi, koma palibe pamene tinamva kuti anadzala chimanga, chinangwa kapena nyemba. Komabe nyemba ankadya tsiku ndi tsiku. Nthawi iliyonse mtsikana uja akatereka nyemba, alamu ankangoti, "Zachokeranso kumwamba."

Achemwali anaona kumene nkhaniyo ikulowera tisanafike n'pakati pomwe.

"Chimenechi ndi chokolo," anatero. "Mkulu wamwalira, mng'ono walowa m'nyumba. Ife tikachita, ansembe amati n'zachikunja. Azungu akachita amalemba buku n'kuikapo chithunzi."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti mtsikanayo anali asanakwatiwe ndi malemuyo.

"Anavomera kapena sanavomere?"

"Anavomera."

"Ndiye anali mkazi wake. Chokolo."

Palibe anayang'ana amayi a kumtunda, koma tonse tinkadziwa kuti nkhaniyi ikuwakhudza. Amuna awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo atadwala nthawi yaitali. Mng'ono wake wa malemuwo, amenenso mkazi wake anamwalira, ankachokera ku Majaua panjinga, ulendo wotopetsa, kudzawafolerera nyumba ndi kuwakonzera nkhokwe. Abale a mbali zonse ankafuna kuti awiriwo angotengana. Mayiwo anali asanayankhe, ndipo anthu ankati akuchedwetsa munthu wabwino.

Mayiwo anapitiriza kusankha fodya wawo, ofiirira uku, owala uku, ong'ambika padera. Manja awo anali achangu kuposa a eni fodya.

M'bukumo munalinso malo amene sindikanatha kuwanena pamaso pa alamu. Ndikafika pamenepo ndinkatembenuza masamba mwakachetechete n'kunena kuti, "Kenako kunacha." Alamu sanafunsepo kanthu. Achemwali ndiwo ankamva kulira kwa mapepala. Madzulo ena akundithandiza kusamba kubafa, mkono wachikhakha nditaukweza m'mwamba kuti usanyowe, anati, "Kumenekotu kukucha kawirikawiri. Tandiuza zimene ukudumphazo."

Ndinawauza mmene ndikanathera. Anamvetsera akundikhula kumsana ndi mwala.

"Zomwezo n'zimene zadya masamba onse aja?"

"Zomwezo."

"Ali ndi nthawi anthu amenewa," anatero, n'kundithira madzi.

M'mawa mwake ananong'oneza amayi a kumtunda, ndipo ndinawaona akubisa kumwetulira ndi nsonga ya chitenje. Kuyambira pamenepo ndikati "kenako kunacha," azimayi awiriwo ankatsokomola, alamu n'kumati fodya wa chaka chino ndi waukali.

M'nkhaniyo munali anthu ena amene wolembayo ankangowaonetsa patali, ataima pamwamba pa zitunda pa akavalo awo. Anali eni dzikolo, amene analipo azungu oweta ng'ombe asanabwere. Analibe mayina, ndipo sitinamve ngakhale mmodzi akuyankhula. Alamu anafunsa ngati pali pamene analemba kuti mwamuna wachipsera uja anapempha malowo kwa anthu amenewa. Ndinati palibe.

"Ife titabwerako ku Malawi tinapeza anthu akulima munda wa amayi awo a akazi angawa," anatero. "Tinakhala pansi, tinakambirana, tinagawana. Mpaka lero timabwerekana makasu. Uyu wangofika n'kuzika mpanda, ndiye akudabwa kuti akumuyang'ana pachitunda."

Chakumapeto kwa bukulo nyumba ya pafamupo inatenthedwa. Amene anaitentha sanali a pachitunda aja, koma anyamata a mzungu wina amene ankalimbirana mtsinje ndi mwamuna wachipsera uja. Wolembayo anafotokoza motowo mokongola, kuti unawala ngati dzuwa likulowa, ndipo awiri aja anaima pafupi atakumbatirana, akuonerera denga likugwa. Apa ndi pamene mwamunayo ananena koyamba kuti amamukonda.

Nditamaliza ndimeyo achemwali anati, "Wolembayu sanaonepo nyumba ikupsa."

"Mwina yamatabwa imapsa mosiyana ndi yaudzu," anatero alamu.

"Sindikunena za nyumba. Ndikunena za anthu. Amene ayatsa akadali pafupi, iwe sungaime. Ife tinathawa ndi poto wopanda chivundikiro, uyu ndili naye kumsana." Analoza ine ndi tsamba la fodya. "Amayi anatembenuka kamodzi kokha, tili kale kutsidya la dambo."

Ine za tsiku limenelo sindikumbukira kalikonse, ndinali wamng'ono. Ndinadikira kuti mwina apitiriza, koma anangopempha alamu kuti awapatsire luzi. Tsiku limenelo sitinawerengenso.

Bukulo linatha mmene achemwali ananenera. Woipa uja anaphedwa, nyumba inamangidwanso, ndipo awiriwo anakwatirana m'tchalitchi chamatabwa. Tsamba lomaliza linawasiya atakhala pakhonde, mkaziyo ali woyembekezera. Bukulo tinalimaliza fodya atatsala pang'ono kudindidwa m'mabelo.

Alamu anati ndi nkhani yabodza koma yoyenda bwino, ndipo munthu amene anawasangalatsa ndi kavalo. Achemwali anati mtsikanayo anachita mwanzeru, chifukwa mwamuna wosayankhula amene amadzuka m'mamawa kukagwira ntchito aposa wa pakamwa pokoma. Kenako anatembenukira kwa amayi a kumtunda, ndipo ndikuganiza kuti anali ndi cholinga.

"Nanga inu amayi, mwaiona bwanji?"

Mayiwo anamaliza kumanga kamtolo kamene kanali m'manja mwawo asanayankhe.

"Ine ndamvera chisoni wamkulu uja," anatero. "Wolembayu anamupha nkhani isanayambe, kuti njira ikhale yoyera. Manda ake tawamva kamodzi kokha. Mtsikanayo sanamudziwe, ndiye palibe chomuvuta. Sanamusambitsepo akudwala. Sakudziwa mmene ankatsokomolera. Mng'ono wakeyo akaseka, iye sakumva kuseka kwa munthu wina m'kati mwake." Anatola tsamba lina. "Akanalemba za mkazi amene anakhala naye wamkuluyo, buku limeneli silikanatha msanga chonchi."

Achemwali anati, "Koma moyo umapitirira, amayi."

"Ukupitirira kumene. Si uwu tikusankha fodya?"

Nkhaniyo inathera pomwepo. Chikhakha chitachotsedwa ndinabwerera ku Milange. Bukulo ndinalibwereketsa kwa mphunzitsi wina wamkazi wochokera ku Quelimane, amene ankafuna kukulitsa Chingerezi chake. Anadzandiuza kumsika kuti linamunyansa, chifukwa mkazi wophunzira, wodziwa kuphunzitsa ana, anathera pophikira anyamata oweta ng'ombe, ndipo wolembayo ankaona ngati zimenezo ndi mwayi. Koma anavomera kuti analimaliza m'masiku ochepa, ndipo sanandibwezere. Anasamutsidwira ku Molumbo ali nalo.

Amayi a kumtunda anadzapereka yankho lawo mvula itayamba, ndipo linali lokana. Sindikudziwa ngati bukulo linathandizirapo. Ndikukhulupirira kuti anali ataganiza kale. Bambo wa ku Majaua uja anakwatira mkazi wina wa kwawo komweko, ndipo mayiwo anapita ku ukwatiwo, anakathandiza kuphika. Masiku ano nyumba yawo amafolera mwana wawo wamwamuna, ndipo imadontha mbali imodzi.

Papita zaka tsopano. Alamu analeka fodya, amalima nandolo ndi soya, ndipo chigafa chija amasungiramo mbuzi. Chaka chatha ndinapitako nthawi yomenya nandolo ndili ndi foni yolowera pa intaneti. Kwawoko netiweki ya kuno imavuta, imene imagwira bwino ndi ya ku Malawi, ukaima pachulu kuseri kwa khola. Dzina la bukulo ndinkalikumbukirabe, choncho ndinalilemba mongoyesa. Ndinapeza tsamba limene anthu a kunja amalembapo maganizo awo pa mabuku, aliyense n'kupereka nyenyezi monga mmene lamukomera.

Ndinatsika pachulu n'kukawafotokozera. Ambiri olembawo anali azimayi. Ena ankati analira pamene nyumba inkapsa. Ena ankadandaula kuti nkhaniyo imayenda pang'onopang'ono, ndipo mwamunayo amachedwa kunena zakukhosi. Wina anakwiya kuti zovala zimene mtsikanayo ankavala sizinali za nthawi imeneyo. Wina anapereka nyenyezi imodzi yokha chifukwa buku lake linafika chikuto chitapindika.

Achemwali anaseka kwambiri pa wa chikutoyo. Pa za kuchedwa kwa mwamuna anati azimayi amenewo sanakwatiwepo ku Mongue. Alamu anafunsa ngati pali amene anatchulapo za madzi a ng'ombe kapena za anthu a pachitunda. Ndinakweranso pachulu kukafufuza. Za anthu a pachitunda ndinapeza mmodzi, amene analemba mwachidule kuti sanakonde mmene anawaonetsera. Za madzi panalibe.

"Kodi aliyense akhoza kulembapo?" anafunsa alamu.

Ndinati ndikuganiza choncho.

"Ndiye mulembepo kuti ndi buku labwino kumvera manja akugwira ntchito. Nyenyezi muike zapakatikati."

Ndinayesa, koma tsambalo linkafuna kuti ndiyambe ndalembetsa, ndipo ndisanamalize mayunitsi anatha. Ndinabwerera pamkeka. Amayi a kumtunda anali atafika ndi lichero lawo kudzathandiza kupeta, tsitsi lawo litayera mbali zonse. Achemwali anawafunsa ngati akulikumbukira buku lija la mkazi wa pangolo. Anati akulikumbukira pang'ono, ndipo anafunsa ngati ndabweretsa lina.