Ndinamulanda Asiyatu kathabwa kake koyankhulira

Ndine mphunzitsi, ndipo zimene ndikuuzeni pano zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinazunza mwana wosayankhula, ine ndikuyesa kuti ndikumuthandiza.

Panthawiyo ndinkakhala ku Manja, n'kumaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ina ku Limbe. M'kalasi mwanga munali mtsikana wina dzina lake Asiyatu. Anabadwa ndi ulumali womulepheretsa kutulutsa mawu, koma ankamva zonse, masamunso ankakhoza. Ankayenda ndi kathabwa kamene mayi ake anamatapo zithunzi: madzi, chimbudzi, inde, ayi ndi zina zambiri. Akafuna kunena kanthu ankaloza chithunzi.

Inu owerenga, kulozako kunkachedwa chifukwa dzanja lake linkanjenjemera. Ana anali ochuluka, ndipo ankamuunjirira kuti aone, phunziro n'kuima. Ine ndinkapsa nazo mtima. Ndinayamba kudzinamiza kuti kathabwako ndiko kakumupatsa ulesi, kuti atakasowa angakakamizike kuyankhula. Sindinafunse mayi ake, ngakhalenso mphunzitsi wa ana olumala amene ankatiyendera. Tsiku lina m'mawa ndinangokatenga n'kukaika pamwamba pa kabati.

Tisanatuluke kukapuma, Asiyatu anayamba kugogoda desiki, maso ali pakabati. Ndinamukalipira kuti asiye phokoso. Anagogodanso mwamphamvu, ine n'kumufulatira, kumapitiriza kulemba. Kenako ndinangomva kalasi yonse ikufa ndi phwete. Mwana uja anali atadzikodzera, mkodzo ukuyenderera pansi pa desiki. Nthawi yonseyo ankapempha kuti apite kuchimbudzi.

Mawa lake mayi ake anasiya benchi yawo ya zitenje mumsika n'kubwera naye. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Amadamu, inuyo wina atakumatani pakamwa, kuchimbudzi mungapemphe bwanji?" Ndinapepesa, n'kulonjeza kuti sizidzachitikanso.

Iwo anati, "Musandiuze ine. Mufunseni mwiniwakeyo ngati akufuna kubwerera."

Ndinatsitsa kathabwa kaja, n'kugwada pafupi naye, ndi kumufunsa. Kanali koyamba kuti ndidikire yankho lake mpaka amalize. Chala chake chinayenda pang'onopang'ono n'kukaima pachithunzi cha nkhope yamantha. Atatero analoza ine.

Makolo ake anamusamutsira kusukulu ina cha ku Chichiri, ndipo sindinamuonenso.

Aphunzitsi anzanga, ndikukupemphani. Mwana akabwera ndi zithunzi, foni yomuyankhulira, kapena akamayankhula ndi manja, amenewo ndiwo mawu ake. Musamulande, ngakhale pomulanga. Afunseni makolo mmene amachezera naye kunyumba. Anzake m'kalasi aphunzitseni kumudikira, inunso mumudikire, ngakhale belu litalira. Ine kupepesa ndinapepesa, koma mwana wa eni ake anachoka m'manja mwanga akundiopa, ndipo zimenezo sindingazikonzenso.