Telala ndi Kalata ya Ndalama Imodzi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, m'nyengo yokolola mpunga, ndikusoka pa khonde la shopu yanga pa boma la Nkhotakota. Anali apolisi awiri. Wamkuluyo anandipatsa moni mwaulemu, nati tipite tikacheze pang'ono.

Mlandu wanga unali kalata. Pa wailesi ankanena kuti maiko a chigawo chino akufuna kudzakhala ndi ndalama imodzi ndi banki yaikulu imodzi, likulu lake kunja. Ine sindinakane zimenezo. Ndinangolembera Nyumba ya Malamulo kupempha kuti aphungu athu akambirane kaye, komanso kuti akuluakulu a bankiyo aziitanidwa kudzayankha mafunso. Phungu akatilakwira timamuchotsa ndi voti. Nanga iwowo tidzawachotsa ndi chiyani? Asodzi, amayi ogulitsa mpunga ndi anzanga a ku mzikiti anasaina pa pepala lapadera, ena anadinda chala.

Wondifunsa anali bambo wovala jekete, osati wa kuno. Kalatayo anali nayo, koma pepala la mayina analibe. Anafunsa amene anandituma, ndinati palibe.

"Madala, telala angadziwe chiyani za banki?"

"Za banki sindidziwa, bwana. Ndimangodziwa kuti munthu sumusokera malaya usanamuyeze."

Sanaseke. Anati nditchule onse amene anasaina. Ndinamuuza kuti ndakalamba, mayina amandithawa. Zimene zinachitika Lachitatu sindilemba zonse. Khutu langa lamanzere silimvanso bwino mpaka lero.

M'chitokosi tinalimo ambiri, ndowa imodzi pakona. Madzi osamba ndisanapemphere kunalibe, choncho m'malo mwake ndinkapaka manja pa khoma n'kuswali chokhala. Msodzi wina wa ku Kanyenda, amene anagwidwa pa ndewu, ankandisunthira kuti ndipeze malo ogwetsa mphumi.

Lachisanu masana ananditulutsa popanda mlandu. Wapachipata anandibwezera lamba ndi chipewa, nati, "Pitani, bambo, koma pakamwa pachepe." Mayi a kunyumba anali panja, akudikira chiyambire m'mawa. Sanalire. Anangondigwira dzanja mpaka pa msika.

Ndalama imodzi ija sinabwerebe, ndipo kaya kalata yathu inawerengedwa, sindidziwa. Kwa ine ufulu ndi kufunsa amene akukulamulira, madzulo n'kukagona kwanu. Ine ndinausowa masiku anayi. Koma mwa onse amene anasaina, palibe ndi mmodzi yemwe amene anagogoderedwa chitseko.