Nthungululu imene ndinameza

Kwathu ku Ntcheu tsiku lotsekera sukulu linkakhala la amayi anga kuposa la ine. Ahedi ankaima pakhonde la ofesi, pepala lili m'manja, n'kumawerenga manambala kalasi ndi kalasi, makolo atakhala pa kapinga. Ine nzeru za m'kalasi zinandilambalala, ndisaname. Chaka china ndinakhala nambala 19. Koma dzina langa litangotchulidwa, amayi anadzambatuka n'kuimba nthungululu yoti mbuzi za kuseri kwa tchalitchi zinabalalika, kenaka liwiro kudzandifupa makobiri. Amayi a mwana wa nambala wani anachita kutembenuka kuti aone kuti kwagwanji. Ndinkachita manyazi, inde, koma mumtima ndinkakondwa kwambiri.

Khosi limenelo ndinatengera. Maukwati a Amalawi a ku Ga-Rankuwa, kuno ku Joni, amandidziwa. Ndikalulutira ine, azimayi enawo amangotseka pakamwa n'kuyamba kukonza maduku awo.

Kuno ku Joni ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Faerie Glen, ndipo ndimakhala m'kachipinda ka kuseri ndi mwana wanga wamkazi. Sukulu yake ili pafupi, mphindi khumi wapansi. Komabe zaka zitatu zotsatizana sindinaonekeko pa mwambo wotsekera chaka. Disembala kwa madamu ndi mwezi wochapa makatani, wopukuta mazenera, wokonzekera alendo. Chaka chilichonse ndinkalonjeza kuti ndibwera, chaka chilichonse ntchito inkandigwira mwendo. Chaka chachitatucho ndinayesetsa, koma ndinafika anthu akupinda mipando.

Mwanayo ali Giredi 4 anabwera ndi kalata yoti alandira satifiketi pamaso pa makolo, chifukwa chaka chonse sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Mwana wosajomba wa mayi wojomba.

"Ulendo uno ndibwera," ndinamuuza.

Sanadzutse ngakhale mutu. "Eish, Amayi, mumatero chaka chilichonse."

Mawu amenewo anandilasa. M'mawa mwake ndinapempha madamu, iwo n'kuvomera. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zonse zili bwino, koma ndinawafunsanso kuti kodi mwambowo umayenda bwanji. Iwo anati palibe chovuta, mwana akatchulidwa mumaomba m'manja pang'ono, basi. Anangonena akupaka batala pa buledi, koma ine ndinazitenga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Ndinadziuza kuti kwa eni kulibe mkuwe. Ndisakachititse mwana manyazi pamaso pa ana a anthu olemera, asakamuseke kuti mayi ake ndi achimidzi.

Ndiye ndinayamba maphunziro. Sabata yonse, ndikamapukuta galasi la kubafa, ndinkayeseza kuomba m'manja ndi nsonga za zala, ngati ndikusasa ufa, milomo itatsekedwa, mutu utapendekeka pang'ono. Chitenje ndi duku ndinazisiya m'sutikesi. Ndinavala jekete lakuda limene madamu anandipatsa litawachepera, wigi yobwereka, ndi nsapato zazitali zimene zinandiluma kuyambira pageti. Dzuwa la Disembala likuswa mtengo, ine ndili m'jekete. Amayi anga akanakumana nane panjira akanandigwadira n'kundipatsa moni wa alendo.

Chifukwa cha nsapatozo ndinafika holo itadzaza, ndipo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Ana anali kutsogolo, atakhala pansi m'mizere, atatifulatira. Mayina anayamba. Anthu ankaomba m'manja monga madamu ananenera, ine n'kumatsatira bwinobwino, wophunzira wakhama.

Atatchula mnyamata wina wa Giredi 3, mayi wina amene anakhala kutsogolo kwanga, atavala yunifolomu ya ulonda, anaimirira n'kululutira. Anakuwanso mawu a chilankhulo chawo, manja ali m'mwamba. Holo yonse inaseka mokondwa, ngakhale ahedi anamwetulira, ndipo kamnyamatako kanayenda ngati kagula sukuluyo. Mukudziwa chimene ine ndinachita? Ndinamuyang'ana mayiyo cham'mbali n'kutsonya chamumtima kuti anthu ena sadziwa malo. Ine amene! Mwana wa mayi wobalalitsa mbuzi, ndakhala m'wigi ya eni, thukuta lili kamukamu, n'kumaweruza nthungululu ya mnzanga. Ndinaonanso kuti sanaikoke bwino kumapeto.

Kenaka anatchula mwana wanga. Ndinamva chinthucho chikukwera kuchokera m'mimba, chinafika pakhosi, lilime linayamba kale kunjenjemera lokha. Ndinaluma mano n'kuchimeza. Ndinaomba m'manja ndi nsonga za zala, mutu utapendekeka.

Iye analandira satifiketi, koma sanatsike. Anaima pomwepo n'kumayang'ana holo, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, n'kubwereranso. M'manja munatha, iye ali chiimire. Mpaka aphunzitsi anachita kumugwira paphewa kuti apereke mpata kwa wina. Ine ndinkangoti taonani mwana wanga, akudziwa kuimira zithunzi. Ndinali wonyada ndi iye, komanso ndi ine mwini, kuti ndadzigwira ngati munthu wotsogola.

Mwambo utatha panja panali chipwirikiti. Ana ankatsanzikana, ena atanyamula makeke otsala, makolo akujambula ndi mafoni, magalimoto akutuluka umodziumodzi. Ndinamufunafuna nsapato zili m'manja. Ndinakamupeza kuseri kwa holo, pafupi ndi mpopi, atakhala pa chikwama chake. Satifiketi ija anali ataipinda kanayi. Maso anali ofiira.

Anandiyang'ana kanthawi asanandizindikire.

"Mwafika liti?"

"Ndinalipo kuyambira pachiyambi, mwanawe. Ndakuona ukulandira."

"Bodza, Amayi. Sindinakumveni."

"Ndinaombatu m'manja."

"M'manja aliyense amaomba." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Ndinawauza anzanga kuti amayi anga akabwera simudzachita kufunsa, holo yonse idziwa. Ndinaima paja kudikira. Kenako ndinangoti basi, sanabwerenso."

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo, koma a tsiku limenelo anali a mtundu wina. Mwana sankafuna mayi wotsogola. Ankafuna wake yemweyo, waphokoso uja, ndipo ndinabwera n'kumubisa ndekha pansi pa wigi.

Ndinaika nsapato pansi, n'kuvula wigi ija, n'kuitulutsa nthungululu yonse imene ndinameza, pamodzi ndi za zaka zitatu zija. Inamveka mpaka ku bwalo la mpira. Agalu a m'nyumba zoyandikana anayamba kuuwa. Bambo wina amene ankatsegula galimoto anagwetsa makiyi. Kuchokera kugeti, mayi wa yunifolomu ya ulonda uja anandiyankha ndi yake, ndipo ndivomereze kuti ulendo uno anaikoka bwino.

Mwana wanga anaseka pang'ono misozi ili m'masaya. Anayang'ana uku ndi uku pabwalopo.

"Anzanga apita kale," anatero.

Tinabwerera kunyumba wapansi, ine wopanda nsapato, iye atandigwira dzanja. Satifiketi ija ili pakhoma la kachipinda kathu mpaka lero. Ndinayesa kuisita ndi ayironi ya madamu, nditaiphimba ndi kansalu, koma mizere ya mopinda muja sinachoke.