Mwana wa bere lakumanzere

Apongozi anga, mayi Tamimunt, anayamba kuchapa zovala kwa dokotala wachizungu wa padoko akadali mtsikana. Nthawi imeneyo tauni yathu yonse ya Ras Anfur inali m'manja mwa azungu a kutsidya kwa nyanja. Atabereka mwana wawo woyamba, Buziyan, mkazi wa dokotala uja naye anabereka wake, Isidro, koma mawere ake anali ouma. Ndiye apongozi ankayamwitsa awiri, Buziyan kumanja, Isidro kumanzere. Isidro anafa ndi chikuku akungoyamba kuyenda, ndipo anamuika kumanda a azungu, kuseri kwa msika wa nsomba.

Azungu atapita tinalowa pansi pa Mfumu ya dziko lino. Asilikali ndi mbendera ndi za Mfumu, koma misika, madzi ndi manda inatisiyira kuti tiziyendetsa tokha. Zinthu zambiri zinasintha, apongozi okha ayi. Lachisanu lililonse ankanyamula tsache ndi ketulo ya madzi, ulendo kwa Isidro.

Ine ndinakwatiwa ndi Allal, chitsirizira wawo, n'kuzipeza zili choncho. Kung'anjo komwe tonse timakaotchetsa mkate, azimayi sankandipumitsa.

"Iwe mkazi wa Allal, apongozi ako akasesera mabwana awo? Ukawauze kuti sitima ya azungu inapita kalekale!"

Ndinkaseka nawo pang'ono, mkate pamutu, n'kubwerera njira yakuseri.

Alamu anga a Buziyan ndiwo anakula n'kukhala wapampando wa khonsolo yathu. Anthu ankawakonda chifukwa ndi amene anagwetsa chifanizo cha kazembe wa azungu pabwalo. Chaka chatha khonsolo inagwirizana kuti manda aja afafanizidwe, pamangidwe chipinda chozizira chosungiramo nsomba. Mafupa onse akaikidwe m'dzenje limodzi kunja kwa tauni. Kunena zoona chipindacho chinkafunika. Allal ndi msodzi, ndipo nsomba zake zinkaola pamaso pathu.

Lachisanu lotsatira tonse tinali pa mbale imodzi ya kusikusi. Apongozi sanatambasule dzanja.

"Buziyan, mng'ono wako ukamutaya m'dzenje?"

"Amayi, ang'ono anga ndi awa akudya apawa."

"Nanga kumanzere kunali ndani? Oyamwa bere limodzi ndi pachibale. Kapena khonsolo yasinthanso zimenezo?"

"Mukufuna anthu andiseke? Ine amene ndinagwetsa chifanizo chija?"

"Chifanizo sichinayamwe ine."

"Izi ndi za boma, amayi."

"Boma lake liti? Kale unkati azungu. Ukasowa chonena umati Mfumu. Manda Mfumu inakusiyira iweyo. Lero unamizira yani?"

Alamu anasamba m'manja n'kutuluka, tiyi asanamwe.

Tsiku lokumba, Allal anali panyanja. Mkazi wa nyumba yoyandikana nafe anandipeza ndikuchapa. "Thamanga, apongozi ako akhala pamanda, msika wonse wasiya malonda!"

Ndinabereka Yamna, mwana wanga, n'kuthamanga. Ndinawapeza atakhala pa kamwala kakang'ono kaja, miyendo atatambalala, ketulo pambali. Chigalimoto chokumba chinali chitaima patsogolo pawo chikulira, dalaivala atagwira tsaya.

"Agogo, chonde. Sindingakufukuleni pamodzi ndi dothi."

Ndinagwada pafupi n'kunong'ona. "Amayi, tiyeni kunyumba. Anthu akutiona."

"Akuone. Si wavala?"

Anthu anaseka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Apo n'kuti alamu akufika, atavala mkanjo woyera wa kuofesi. Wogulitsa nsomba wina wa pakamwa, Haddu, anakuwa.

"Bwana wapampando, mwabwera kudzazonda m'bale wanu wa maso obiriwira?"

Alamu anawerama kuti alankhule motsitsa, koma apongozi anayankha mokweza kuti aliyense amve.

"Msika wako sindikuuletsa. Manga. Koma uyu umufukule wekha, umunyamule. Khanda limapita kumanda pamanja pa m'bale wake, osati pa chigalimoto."

Alamu anayang'ana dalaivala, anayang'ana makhansala anzawo awiri amene anabwera nawo. Onse maso anali pansi. Kenako alamu anapinda manja a mkanjo n'kupempha fosholo.

Bokosi linali litaola. M'kati munali timafupa tochepa, tating'ono ngati ta njiwa. Alamu anatola timafupato ndi manja, n'kusowa poika. Anthu onse aja, ena ndi mabasiketi, ena ndi masaka, palibe anasuntha. Apongozi anayang'ana ine. Osati kumaso, koma pa mbereko.

Ndinamasula, Yamna n'kumuika m'chiuno. Nsaluyo inali yotentha ndi thupi la mwana, ikununkha mkaka. Apongozi anakulunga timafupa tija bwinobwino, monga amakulungira khanda lochokera kosamba, n'kupatsa alamu.

Njira ya kwathu imadutsa pakati pa msika. Alamu anali patsogolo, mkanjo uli dothi lokhalokha, chibwano chili pachifuwa. Apongozi pambuyo ndi ketulo yawo. Ine kumapeto. Haddu anayamba kuthamangitsa ntchentche pa nsomba zake ngati ntchito yaikulu. Palibe anaseka, ndipo ndinaona kuti kuseka kuja kunali bwinoko.

Shehe anali atanena kale kuti kumanda kwathu mwana wa Akhristu sangalowe. Ndiye tinamuika pabwalo la nyumba, pansi pa mkuyu. Azungu ena onse anapita kudzenje kuja madzulo omwewo. Sindinamve munthu akufunsa maina awo, ngakhale ine sindinafunse.

Chipinda chozizira chinatsegulidwa ndi nduna yochokera kwa Mfumu, ndipo nsomba za Allal siziolanso. Kung'anjo azimayi akandiona amangoti zii, wina n'kundisunthira thabwa kuti mkate wanga ulowe msanga. Alamu amabwerabe Lachisanu kudzadya, koma amalowera khomo lakukhitchini kuti asadutse pa mkuyu.

Apongozi miyendo yayamba kuwavuta, ndiye akuti zinawakomera, ulendo unafupika. Amakhala pamthunzi pomwepo akusankha mphodza. Yamna wayamba kuyenda tsopano, ndipo amakonda kukathira mapazi pa dothi lonyowa lomwe apongozi amathirapo madzi.

"Iwe, choka apo," amatero apongozi. "Usaponde bambo ako aakulu."