Mpando wa Pafupi ndi Zenera

Kuchipinda chochapira zovala za chipatala ankamutcha Anesi, ngati kuti ndi namwino, ndipo dzinalo silinali laulemu. Linayamba tsiku limene mnzake wina anamupeza akusita mashiti a odwala, buku la sayansi atalitsamiritsa pa mulu wa matawulo. "Fulumirani Anesi, odwala akukudikirani," anatero mnzakeyo, onse n'kuseka. Iye anaseka nawo, koma buku sanalitseke.

Ine ndinamudziwira kutchalitchi, kumene ankakhala pabenchi yakumbuyo kuti athe kutuluka msanga ikakhala Sabata ya ntchito. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo wamkazi akadali kumsana. Anamulera yekha ndi manja osupuka ndi sopo wamankhwala, ndipo mwanayo atafika polemba mayeso otsiriza a sekondale, mayi naye analembetsa. Ankawerenga patebulo limodzi, akulimbirana pensulo ngati munthu ndi mng'ono wake. Onse anakhoza, ndipo onse analandiridwa ku koleji yoyandikana ndi chipatala, m'maphunziro okonzekera unamwino.

Koma chipata chinali chopapatiza. Palibe ankaloledwa ku unamwino asanaphunzire kemisitiri wa chaka choyamba mu labotale, ndipo malo m'menemo anali ochepa: ophunzira awiri patebulo, mpopi wa gasi umodzi pakati pawo. Tsiku lolembetsa, mtsikanayo anapeza malo pafoni asanatsuke n'kumaso komwe. Mayi ake anali akulimbana ndi makina ochapira amene anatayira madzi pansi, ndipo pamene ankapukuta manja, kalasi inali itadzaza. Sukulu ya unamwino inali ndi malire a zaka, ndipo kwa iye chaka chimenecho chinali chomaliza.

Panatsala njira imodzi. Tsiku loyamba la kalasi, osowa malo ankaima pakhonde atavala gauni yoyera, nsapato zotseka ndi magalasi oteteza maso. Wolembetsa akapanda kubwera, mpando wake unkapita kwa woyamba pamzere. Tsikulo likadutsa, khomo linkatsekedwa mpaka chaka china, pakuti ndi tsiku limene ankaphunzitsa kagwiridwe ka asidi ndi moto, ndipo woliphonya sankamulola kukhudza botolo.

Anesi anabwera kwa ine mapemphero atatha. Anandikumbutsa za munthu uja wa m'Baibulo wa pathamanda, amene madzi akavunduka wina ankamutsogolera, n'kunena kuti iye watsogoleredwa mokwanira. "A mlaliki, mundipempherere kuti wina adwaleko. Chimfine chabe, osati zogonekedwa nazo; zovala zake ndingachape ndine ndemwe." Tinaseka. Ndinapempha kuti khomo limutsegukire, ndipo iye anavomera ndi Ameni wamphamvu.

M'mawa wa tsiku loyamba la kalasi mtsikanayo anatsogola, nanena kuti akufuna kukabwereka magalasi kwa mnzake. Ananyamula chikwama chachikulu kuposa cha masiku onse. Mayi ake anachiona, nayesa kuti ndi mabuku.

Anesi anafika pakhonde woyamba. Woyang'anira labotale, bambo waimvi amene ophunzira ankamutcha a Mabotolo, anamuuza mwaulemu kuti operekeza ana amadikira kunja kwa mpanda. Anesi anangomuonetsa magalasi ake oteteza maso. Bamboyo anayang'ana gauni yake yosita bwino, mizera ili chilili ngati mpeni, n'kunena kuti akalowa ayambe waphunzitsa anzakewo kusita.

Ophunzira atakhala pansi, Anesi anasuzumira pakhomo ndipo anaona mpando umodzi wopanda munthu, pafupi ndi zenera. Anandiuza pambuyo pake kuti anayamika Mulungu nthawi yomweyo, asanayang'ane nkhope za amene anakhala pansiwo. Onse anali m'zoyera, onse m'magalasi. Akanamudziwa bwanji mwana wake msanga? A Mabotolo anayamba kuitana mayina, ndipo aliyense ankayankha, mpaka anafika pa dzina limene Anesi analisankha yekha ali pabedi la ochira. Palibe anayankha. Analiitananso.

Lamulo linkalola chinthu chimodzi: wina akachitira umboni kuti wosowayo wachedwa ndi matenda kapena ndi msewu, mpando unkasungidwa, ndipo odikira ankabwezedwa. Bamboyo anafunsa ngati alipo wodziwa kumene mtsikanayo ali. Panalibe wodziwa. Pamenepo anatembenukira pakhomo.

"Lowani, mayi. Mpando ndi wanu."

"Ndi mwana wanga ameneyo," anatero Anesi. "Akubwera. Mumusungire."

Bamboyo anatsitsa mawu, namuuza kuti aganize bwino, chifukwa khomo likatsekedwa iye alibe mphamvu yolitsegula. Anesi anabwereza mawu omwewo. Amene anali kumbuyo kwake anang'ung'udza kuti ngati sakufuna akanangopatuka, alowe ena. Khomo linatsekedwa, ndipo iye anatsala pakhondepo mpaka kalasi inatuluka, akuyang'ana kumasitepe.

Mtsikanayo anali atakwera basi m'mawa womwewo ndi mwamuna wina amene anamulonjeza ntchito ya m'sitolo mumzinda wakutali. Anaimba foni patapita masabata. Ananena kuti fungo la chipatala linamutopetsa kuyambira ali mwana, pakuti linkabwera kunyumba m'tsitsi la amayi ake, ndipo unamwino sunali loto lake. Kenaka anawonjezera: "Ndinkadziwa kuti mukhala oyamba pamzere, amayi. Mpandowo ndinakusiyirani dala. Bwanji simunalowe?"

Kaya zinali zoona, kaya inali nsalu yophimbira manyazi, sindine woweruza. Iye amene amayesa mitima adziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti mpando uja unakhala wopanda munthu mpaka maphunziro anatha. Njira yochokera kochapira kupita kumawodi imadutsa pansi pa zenera limenelo, ndipo Anesi ankadutsapo akukankha ngolo ya mashiti. Ankaona mtsikana wina akugwira yekha ntchito ya anthu awiri, dzanja limodzi pa botolo, lina pa mpopi wa gasi.

Gauni ija mayiyo amaivala kuntchito tsopano, ndipo yayamba kuyezuka m'zigongono. Anzake analeka kumutcha Anesi. Palibe anawaletsa, anangoleka okha chifukwa cha chisoni, ndipo iye akuti zimenezo zinamupweteka kuposa kuseka kuja.

Kutchalitchi amabwerabe, pabenchi yake yakumbuyo, koma nthawi ya zopempha satukulanso dzanja. Tsiku lina ndikutseka mazenera anandiyandikira, nandifunsa ngati pemphero lathu lija linayankhidwa kapena ayi. Ine ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe msozi umene umagwa pansi Mwini wake osauona, ndipo ndinayamba kumuuza zimenezo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu, monga amachitira nthawi zonse.

"Khomo linatseguka ndithu, a mlaliki," anatero. "Munapempha bwino. Kungoti simunafunse kuti atulukirapo ndani."

Ananyamula chikwama chake n'kupita, chifukwa inali Sabata ya ntchito, ndipo mashiti anali akudikira.