Phulusa pa Linthumbu

Bambo anga anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka zambiri, koma mtima wawo unali pa mbalame. Anali ndi kope lolembamo iliyonse imene aiona, ngakhale anamzeze ochedwa kubwerera kwawo, aja otsalira pa mawaya a magetsi mu Meyi anzawo atapita kale. Tsamba limodzi linali lopanda kanthu. Analisungira kambalame kena kosowa, ka khosi loyera, kokhala m'kankhalango kotsala kumtsinje pakati pa minda ya tiyi. Ankati sikaoneka wamba: kamatsata linthumbu, n'kumatola tizilombo tothawa.

Ine zimenezi zinkangondipita m'khutu ngati wailesi ya kwa aneba. Chaka chimene anapuma ntchito ndinabwera kudzawathandiza kulongedza, poti nyumba ya kampani inkafunika pakutha pa mwezi. Ankasamukira kumudzi ku Khonjeni, kopanda nkhalango, chimanga chokhachokha.

Kutatsala masiku atatu, m'mawa kukadali nkhungu, ndinatuluka kukataya madzi. Bambo anali khale pansi kuseri kwa bafa, osagwedezeka, kukamwa yasa, linthumbu lili bii kumapazi mpaka m'miyendo. Ndinawaitana, osayankha. Poti ndi munthu wa BP, mumtima ndinangoti basi, sitiroko.

Ndinathamangira kukhitchini, n'kukokola phulusa lamoto ndi chivindikiro cha poto monga timachitira tonse, n'kuliwaza pa mzere wonsewo uku ndikukuwa. Kenakake kanauluka pa chitsa kulowera kumtsinje. Sindinakalabadire, ndinali kalikiliki kuwasasa miyendo.

"Mwanawe, watani?" anafunsa pansipansi.

"Ndatani? Mukudyedwa muli moyo, inu muli phee! Mukufuna mundiphe ndi mantha?"

"Kanali kaja. Kanali katangotera kumene. Ndimasolola magalasi pang'onopang'ono kuti kasathawe."

Ndinayang'ana thumba la malaya awo. Magalasi anali atatuluka theka. Popanda magalasi Bambo sankatha kusiyanitsa nkhuku ndi bakha pabwalo pomwepa.

Masiku awiri otsalawo ndinamwaza minga ya nsomba kuseri kwa bafa, ine yemwe, munthu wamkulumkulu, kuitana linthumbu. Silinabwere. M'malo mwake kunabwera lole ya katundu.

Tikumasula katundu ku Khonjeni ndinatsegula kope lija mobisa. Pa tsamba lija anali atalembapo tsiku, ndi mawu atatu okha m'munsi mwake: "Ndinamva mapiko ake."