Tsempho la mwana wa akulu anga

Chaka chimene mwana wa akulu anga anayamba kutupa, m'mudzi mwathu cha ku Chiparamba amuna unkachita kuwafunafuna. Inali nthawi ya Chitaganya, tauni ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Mwamuna aliyense wamphamvu zake anali ku Halale, kumafamu kapena kumigodi. Alamu anga nawo anapita mwana ali kumsana, atalonjeza kuti sakachedwa. Otsala tinali akazi, ana ndi nkhalamba, pa nthaka yamchenga imene azungu anatikankhirako. Dothi lofiira labwino lija tinkangolionera kuseri kwa waya, mzungu atabzalapo fodya.

Makolo athu anali atamwalira kale, tsono ife awiri tinkasungidwa ndi amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi athu. Anali munthu wa korona m'khosi, wosajomba ku Misa, komanso wosataya ngakhale kamwambo kamodzi ka makolo. Kwa iwo ziwirizi sizinkalimbana ayi.

Chimanga chinatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike. Ine ndi akulu anga tinalowa ganyu pa famu ya mzungu uja, kuthyola ndi kusoka fodya. Loweruka kapitao ankatigawira poso, ufa wa mgaiwa ndi kambale ka nyemba. Nyembazo akulu anga ankaziphika, kuzipota, n'kuthirako m'phala la mwana. Koma pakhomo tinalipo ambiri, ndipo sabata isanafike pakati nyemba zinkakhala zitatha.

Kutupa kwa mwana kunayamba ndi mapazi. Ukadina ndi chala, kadzenje kankatsala ngati pa dothi lonyowa. Kenako masaya anafufuma, tsitsi n'kufiira. Mwana amene ankasautsa nkhuku pabwalo anangokhala phee pamphasa, kulira kwake kosamveka n'komwe.

Amayi aakulu anamuyang'ana n'kunena kuti ili ndi tsempho. Kwathu ankati matendawa amagwira mwana ngati kholo lake lagona ndi wina kunja kwa banja. Bambo wake anali kutali, panalibe womufunsa. Wofunsidwa anali amene anali pafupi.

"Iwe, kufamu kuja umangosoka fodya basi?" amayi aakulu anawafunsa akulu anga. "Kapitao uja amakudzaziranji mbale kuposa anzako?"

"Amayi, mbale ndi imodzimodzi kwa aliyense."

Ine ndinalowerera. "Amayi, ine ndimakhala nawo kuyambira popita mpaka pobwera. Palibe chimene achita."

"Khala chete iwe. Sunakwatiwe, ungaone chiyani?"

Mawu amenewo mpaka lero ndikawakumbuka mtima umandiwira. Maso ndinali nawo, koma umboni wa mtsikana wosakwatiwa sunkawerengedwa.

Chigamulo chinali chakuti phazi lathu lisakapondenso kufamu, akulu anga kuti aleke zoipazo, ine kuti ndingatengere. Akulu anga sanatsutse. Anali munthu womvera, ndipo ankaganiza kuti akakhala pakhomo anthu aona okha kuti alibe mlandu. Poso inathera pomwepo. Tinatsala ndi gaga, nkhwani ndi bowa wa m'tchire, ndipo phala la mwana linasanduka madzi oyera.

Ndinatchulapo za chipatala cha ku mishoni. Amayi aakulu anati mwana wa tsempho akangobayidwa jekeseni ndiye kuti wapita. Anaitana mayi wina wodziwa zitsamba, yemwe anabwera ndi mizu yake koma anakana kuinyika. Anati mankhwala a tsempho sagwira ntchito mpaka wolakwa ataulula. Basi, kuyambira apo nyimbo inali imodzi. Popita kudambo, posinja gaga, ngakhale pochokera ku tchalitchi: ulula mwana achire, ulula mwana achire. Sindinganene kuti ankamuda mwanayo. Amayi aakulu ankamufungatira akulira, kenako n'kutembenukira kwa mayi wake ndi maso ofiira.

M'mawa wina khungu la mwana linayamba kusupuka m'ntchafu. Akulu anga anatuluka naye, n'kukhala pansi pamaso pa amayi aakulu ndi mayi wa zitsamba uja.

"Chabwino, ndinachita," anatero. "Mpatseni mankhwala mwana wanga."

Ndinatsegula pakamwa, koma anandiyang'ana mwa njira yoti ndinangotseka. Mizu ija inanyikidwa, mwana anamwetsedwa ndi kusambitsidwa. Anamwalira chimanga chili pafupi kukhwima, ndipo pobwera kumanda tinadutsa m'munda ngaiyaye zikupepera.

Mbiri yoipa siinachedwe kufika ku Halale. Alamu anga sanabwerenso, ndipo sitinamve kuti anathera kuti. Akulu anga anakhala mkazi amene anapha mwana wake, ataulula yekha anthu akumva. Patapita nthawi anasamukira m'tauni, nakakhazikika ku Nabvutika, n'kumagulitsa mtedza wokazinga. Sanakwatiwenso.

Ine mwayi unandigwera mochedwa. Dziko litalandira ufulu ndinabwerera ku sukulu ndili wamkulu kale, mpaka ndinakhala mphunzitsi ku Kapata. Ndi kumeneko kumene ndinayamba kuwerenga mabuku a akatswiri a mbiri yakale onena za zaka zimenezo. Amakangana mwaulemu anthu ophunzira. Ena amati ulendo wa ku Halale unabweretsa njinga, malata ndi maso otseguka, ndipo sakunama, njingazo tinaziona. Ena amati dera lathu linasandutsidwa khola la antchito, midzi n'kutsala yopanda manja. Awanso sakunama. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi pamene ankafotokoza za ana a m'midzi yotereyi, otupa mapazi ndi kufiira tsitsi nthawi ya dzinja. Ankati ndi matenda osowa chakudya chomanga thupi. Anamufotokoza mwana wathu uja ndendende, ngati anali nafe pamphasa paja.

Ndinasangalala, kunena zoona. Ndinati lero ndikawatula katundu akulu anga. Ndinawapeza pakhonde akutongola mtedza, imvi zitayamba, ndipo ndinakhala pansi n'kuwauza zonse: za nthaka, za amuna opita, za njala.

"Akulu, silinali tsempho ayi. Ophunzira anafufuza. Inali njala. Inu simunalakwe chilichonse."

Sanasiye kutongola. "Zoti sindinalakwe ndimadziwa kale, si iwe unali nane? Ine ndimati analakwa ndi bambo wake ku Halale. Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana iyeyo mumtima, ndipo ndimagona bwino."

Kenako manja awo anaima.

"Wati chakudya chomanga thupi. Monga chiyani?"

"Mazira, mkaka, mtedza, nyemba."

"Nyemba." Anayang'ana lichero. "Ndiye kuti ndikanakana kumvera, n'kumapitabe kufamu, mwana wanga akanakhala moyo?"

Ndinafuna kunena kuti mwina ayi, kuti kambale kaja kanali kochepa, kuti palibe angadziwe. Zonsezo zinali zoona. Koma ndinachedwa kuyankha, ndipo iwo anaona kuchedwako.

"Sanandimange chingwe," anatero. "Ndinakhala pakhomo ndekha."